Mmene Ndinaphikira Apongozi Anga M'Chingerezi

Cholinga changa chinali chabwino ndithu, anzanga, musayambe kundiseka ndisanafike n'komwe poseketsapo. Ine ndinkangofuna zinthu ziwiri pa dziko lino: kukhoza Chingerezi pa mayeso a Fomu 4, ndi kukwatira Asiyatu. Basi. Kodi pamenepa pali tchimo?

Inali nthawi ija titangovotera zipani zambiri, boma litalengeza kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere. Ana anakhamukira kusukulu ngati nkhungu zochokera panyanja, ena a ndevu kale, ena osiya bere dzulodzulo, aphunzitsi n'kuchepa mpaka boma linayamba kutola ife amene tinkangokhala kumudzi. Ine mayeso a Fomu 4 ndinali nditalembapo kale, masamu ndinakhoza, zaulimi ndinakhoza, koma Chingerezi chinandigwetsa chagada, ndipo mukudziwa kuti ukagwa Chingerezi satifiketi yonse imakana kutuluka. Ndiye ndinali mphunzitsi wogwirizira pa kasukulu kena cha ku Liwaladzi, uku mphekesera zikuti amene alibe satifiketi sapita ku koleji, awabweza kwawo akalime chinangwa.

Tinasonkhana anthu angapo amene Chingerezi chinatichita chipongwe, aphunzitsi ogwirizira, mayi wina wa zaumoyo, ndi mnzanga Gresham amene ankaphunzitsa kalasi yoyandikana ndi yanga, n'kupempha a Kamanga kuti azitikonzekeretsa mayeso. A Kamanga anali mphunzitsi wa sekondale wopuma ntchito, munthu wodekha, ankachokera ku Dwangwa Loweruka lililonse pa matola.

Tsopano nkhani ya Asiyatu inali m'manja mwa amalume ake, a Bwanali. Iwowa anagwira ntchito yomasulira kukhoti ya ku boma mpaka imvi, ndipo ngakhale atapuma, tayi sankamusiya, kupita kudimba tayi, kupita kumzikiti tayi ali mkati mwa kanzu. Nditatumiza mawu oti ndaona mwana wa mlongo wawo, sanati inde, sanati ayi, anangoti, "Rajabuyo, si uja anagwa Chingerezi? Tiona." Mawu oti tiona aja ndinkawalota ndi masana omwe.

Loweruka lina a Kamanga analemba pabolodi chiganizo ichi: "The man who is selling fish is my uncle." Anatiuza kuti kachidutswa koyamba ndi "who" kaja azungu amakatcha relative clause, ndi nthambi ya chiganizo yofotokoza za munthuyo, kuti ndi uti. Kenako ananyowetsa chala, n'kufufuta "who is", pabolodi n'kutsala "The man selling fish is my uncle."

"Mwaona?" anatero. "Tanthauzo silinasinthe, koma chiganizo chapepuka. Mawu atsalawa ndi participle. Olemba mayeso amakonda kwambiri kukufunsani kuti mufupikitse chiganizo chotere."

Analembanso china, cha nsomba yogwidwa ku Chia, "The fish which was caught at Chia", n'kufufuta "which was", n'kutsala "The fish caught at Chia". Abale inu, mtima wanga unadumpha! Zaka zonsezi ndinkaona ngati Chingerezi ndi chitsulo, kani ndi chinangwa wamba, umangosenda khungu n'kutaya? Ndinadziona nditavala gauni, a Bwanali akundigwira chanza ndi manja awiri.

Nthawi yomweyo pamsewu panadutsa lole ya chipani china, chimkuzamawu chili pamwamba, akulengeza msonkhano pa bwalo la mpira, ndipo mawu amene ndinamva bwino ndi oti agawa matisheti. Ine tisheti yatsopano ndinali ndisanavalepo chiyambire ntchito. Ndinagwira pamimba, kukwinya nkhope, n'kunong'oneza a Kamanga kuti m'mimba mwandipotokola. Iwo anati, "Pitani adada, koma mubwere msanga, chifukwa gawo lotsalali ndi limene anthu amagwerapo."

Sindinabwerere. Ndipo tisheti sindinapeze, anandiponda phazi, ndinabwerako ndi kachipewa ka pepala kamene kanasungunuka ndi thukuta ndisanafike kunyumba.

Lolemba Gresham anandipeza pa buleki. "Aise, unaphonya zofunika. A Kamanga anati pali pena kufufuta kuja sikutheka, ndiye pali za wochita ndi wochitidwa..."

Ndinamudula. "Gresham, zimenezo ndi za inu omva mochedwa. Lamulo ndi limodzi: ukaona who, chotsa. Ukaona which, chotsa. Zimenezi zili ngati makadi a chipani aja tinkakakamizidwa kuyenda nawo, lero tawataya, kodi dziko laima?"

Anangopitiriza kutafuna chinangwa chake.

Tsoka likafuna kukugwira limayamba lakukweza. A Kamanga anagweredwa maliro kwawo kumpoto ndipo anakhalitsako, gulu lathu n'kusowa wotsogolera, mayeso ali pafupi. Ndani anaimirira n'kutenga choko? Munthu wa kachipewa ka pepala uja. Ndinkayenda kutsogolo kwa kalasi manja kumbuyo ngati a Kamanga eniake, ndikufufuta who paliponse pamene ndamuona, mpaka chala chinatuwa.

Mayi wa zaumoyo uja, mayi Phiri, anakweza dzanja. "Aphunzitsi, nanga chiganizo chonena za mphunzitsi amene anamenya mwana, 'The teacher who beat the boy', tichifupikitsa bwanji?"

"Zophweka," ndinatero, n'kulemba "The teacher beaten the boy".

"Koma zikumveka ngati mphunzitsiyo ndiye wamenyedwa."

"Mayi, ino ndi demokalase," ndinayankha, "masiku ano aphunzitsi nawonso amamenyedwa."

Kalasi yonse inaseka, ine n'kumaona ngati ndapambana mtsutso. Sindinadziwe kuti anthu akamaseka pali mitundu iwiri, kuseka nawe ndi kukuseka.

Ngati zimenezo zinali zosakwanira, ndinatola chidole china mu pepala la mayeso akale. Munali chiganizo chakuti "Tired of waiting, the woman went home", kutanthauza kuti atatopa ndi kudikira, mayiyo anapita kwawo. Ndinachikonda zedi. Ndinati kani Chingerezi cha anthu ophunzira chimayambira kumchira? Ndinatsimikiza mumtima kuti chilichonse chochitika ukhoza kuchiika kutsogolo, n'kuika kampumiro, kenako n'kupitiriza ndi munthu aliyense amene wamufuna. Palibe amene ndinamufunsa. Ndikanafunsa ndani, poti mphunzitsi ndinali ine?

Mayeso atayandikira, gulu linagwirizana kuti tichite tsiku la mapemphero ndi kutsanzikana pasukulu pathu. Tiitane a Shehe, tiitane abusa, makolo ndi abale abwere, tidyere limodzi. Ahedi athu anagula mbuzi. Asodzi ena a ku Chia, abale ake a mmodzi wa ife, analonjeza chambo. Amayi a m'mudzi anavomera kuphika mpunga kuseri kwa sukulu, ndipo wowatsogolera anali mayi ake a Asiyatu, apongozi anga a m'maloto. Mlendo wolemekezeka anali mkulu woyendera sukulu wochokera ku boma. Panafunikanso mmodzi wa ife olemba mayeso kuti ayankhule mawu othokoza m'Chingerezi, anthu aone kuti takonzeka.

Sanamalize n'kufunsa komwe, dzanja langa linali kale m'mwamba. Ndinkadziwa kuti a Bwanali adzakhalapo. Ndinati tsiku limenelo mawu oti tiona aja adzasanduka taona.

Ndinaloweza mawu angawo pamtima, ndikuwabwereza popita kunyanja kukasamba, pobwera, ngakhale potsuka m'kamwa. Munalibe who ngakhale mmodzi. Ndinamusesa yense.

Tsikulo linafika, dzuwa la Okutobala likuwotcha mpaka mchenga kulowa moto m'nsapato. A Kamanga anali atangobwerako kumaliro, anatsika matola m'mawa womwewo. Atamva kuti woyankhula ndine, anandikokera pambali.

"Adada, tandiyankhulirani pang'ono ndimve kaye."

"Aphunzitsi, musadandaule," ndinatero, "ndikufuna nanunso mudabwe."

Anadabwadi. Pa chimenecho chokha sindinaname.

Anthu anakhala pansi pa mitengo, akuluakulu pa mabenchi kutsogolo, amayi pa mphasa, ana atazungulira ngati mpanda. A Shehe anachita duwa, abusa anapemphera, ahedi anayankhula. Kenako anaitana dzina langa. Popeza makolo ambiri Chingerezi sankachimva, panafunika womasulira, ndipo tinagwirizana kale kuti akhala Gresham. Koma Gresham asanadzuke, ndinaona munthu wa tayi akuimirira, akukonza jekete, akuyenda pang'onopang'ono kudzaima pambali panga.

"Ntchito imeneyi ndi yanga," anatero a Bwanali. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mwana wanga, ndikuuziretu. Kukhoti ndinaphunzira kuti womasulira sakonza mawu a mboni. Chimene wanena ndi chimene ndinena."

Ine ndinasekerera mpaka mano a kumapeto. Ndinati mwayi wanji uwu, woweruza wabwera yekha kudzamva pafupi!

Ndinayamba. "Parents gathered here, teachers working hard, visitors coming from far, I greet you."

"Makolo amene mwasonkhana pano, aphunzitsi olimbika ntchito, alendo ochokera kutali, akukupatsani moni," anatero a Bwanali, ndipo anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene walawa ndiwo n'kupeza mchere uli bwino. Anthu anaomba m'manja. Ndinaponya diso kumene kunakhala Asiyatu, ndinamuona akubisa kumwetulira ndi mpango. Chifuwa changa chinatupa ngati chule.

Ndinapita kwa asodzi. M'mutu mwanga ndinkathokoza asodzi amene anagwira nsomba ku Chia m'mawa umenewo. Pakamwa panatuluka izi: "We thank the fishermen caught at Chia this morning."

"Akuthokoza asodzi amene agwidwa ku Chia m'mawa uno," anatero a Bwanali, nkhope ili phee.

Panamveka kung'ung'udza. Asodzi aja, amene anakhala chakumapeto, anayang'anana. Muyenera kudziwa kuti masiku amenewo nkhani ya maukonde oletsedwa inali pakamwa pa aliyense, ndipo kutsogolo kunakhala munthu wa boma wovala suti. Mmodzi wa asodziwo anadzuka mwakachetechete, n'kuyamba kukankha njinga yake kulowera kumsewu. Ine ndinamva ndithu kuti mawuwo apotoka, koma ndinati ndi ukalamba, makutu a womasulirayu ayamba kutha. Ndinawakhululukira mumtima, tangoganizani, ine kukhululukira iwo!

Ndinatulutsa chidole changa chija choyambira kumchira. Ndinkafuna kunena za mbuzi yonona imene ahedi anagula, imene inagona pa chingwe kumtengo wa mango. Ndinakweza mawu: "Tied to the mango tree since yesterday, our headmaster bought a fat goat."

"Atamangiriridwa kumtengo wa mango kuyambira dzulo, ahedi athu anagula mbuzi yonona."

Ana a sukulu ndiye anagwa nacho chiphwete, ena kugubuduka pamchenga. Ahedi, munthu amene akangokhosomola sukulu yonse imakhala chete, anatembenuka kuyang'ana mtengo wa mangowo. Akazi awo anaphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Apa munthu wanzeru akanaima. Akanati pepani, dzuwa landizunguza mutu, n'kukhala pansi. Koma ine ndinali kale pa liwiro, ndipo chiganizo chotsatira chinali chimene ndinkachinyadira koposa, choti mbuzi yazingidwa ndi a Shehe motsatira chipembedzo, choncho mlendo wathu adye momasuka. "Slaughtered by the Sheikh this morning, our guest of honour will enjoy the meat."

A Bwanali anakonza tayi. "Atazingidwa ndi a Shehe m'mawa uno, mlendo wathu wolemekezeka asangalala nayo nyama."

"Astaghafirullah!" anakuwa a Shehe, mikanda ya tasibihi kugwa m'manja. "Ine ndazinga mbuzi, anthu inu, mbuzi!"

Mlendo wolemekezeka uja anadzigwira pakhosi, ngati akufuna kutsimikiza, kenako anayamba kuseka mopanda phokoso, misozi ikutsika.

Ndipo apa, anzanga, ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndikachikumbuka ngakhale lero ndimafuna kulowa pansi pa tebulo. Ndinasiya Chingerezi, n'kutembenukira kwa munthu wamkulu, mwini mbumba wa mkazi amene ndinkamufuna, pamaso pa mudzi wonse, n'kunena kuti, "Amalume, mukumasulira molakwika. Mukundiwonongera mawu."

A Bwanali sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Anangotembenuka mwaulemu, monga ankachitira kwa woweruza, n'kuyang'ana a Kamanga.

"Aphunzitsi, inu ndinu mwini phunziroli. Kodi ndawonjezera kapena kuchotsa kanthu?"

A Kamanga anali atagwira mutu ndi manja awiri, akuyang'ana pansi pakati pa nsapato zawo. Anayankha osadzutsa mutu. "Mwamasulira bwino, adada. Ndendende."

"Zikomo," anatero a Bwanali. "Mboni ipitirize."

Thukuta linatsika msana wonse mpaka m'masokosi. Ndinazindikira tsopano kuti wolakwa ndine, koma kuti ndalakwa pati, sindinkadziwa. Chinatsala chiganizo chimodzi, chothokoza amayi ophika. Ndinachiona chikubwera ngati lole yopanda mabuleki: "the women cooked behind the school." Kamtima kanandiuza kuti vuto ndi who uja ndinamuthamangitsa, ndimubweze msanga. Koma popeza masabata onsewa ndinkafufuta who pamodzi ndi mnzake woyandikana naye, pomubweza ndinabweza onse awiri.

"Lastly," ndinatero, "we thank the women who were cooked behind the school, especially the mother of Asiyatu, with tomatoes and onions."

A Bwanali anandiyandikira n'kunong'ona, ndipo ndikhulupirira kuti kanali kachifundo. "Mwana wanga, mawu amenewa ndi ako ndithu? Ukhoza kuwabweza."

Ine ndinaganiza kuti popeza who wabwerera, zonse zili bwino. "Ndi anga, amalume."

Anapuma mozama. "Chabwino. Apa ndiye galamala yaima bwino, palibe pokayikitsa. Pomaliza akuthokoza amayi amene aphikidwa kuseri kwa sukulu, makamaka mayi ake a Asiyatu, ndi tomato ndi anyezi."

Nthawi yomweyo, ngati kuti wina anachita kukonza, mayi ake a Asiyatu anatulukira pa ngodya ya kalasi atasenza beseni la mpunga, nkhope ikunyezimira ndi thukuta la kumoto, nthunzi ya mpunga ikufuka pamutu pawo. Anamva dzina lawo, anaona bwalo lonse likuwayang'ana, anaima.

"Achimwene, akuti ndatani?"

"Akuti waphikidwa, mlongo wanga."

"Ine?"

"Ndi tomato ndi anyezi."

Zimene zinachitika pambuyo pake ndinangozimva ndi makutu, chifukwa maso anachita mdima. Amayi ankaseka akumenyana pamsana, agogo ena anapempha madzi, abusa anatsamira a Shehe. Ndinafufuza nkhope ya Asiyatu ndipo sindinaipeze, pamalo pake panali mphasa yokha. Sindikumbuka mmene ndinachokera pamenepo. Ndinangozindikira ndili m'kalasi yopanda anthu, nditakhala pa kabenchi ka ana a Sitandade 1, mawondo ali kuchibwano, fungo la nyama ya mbuzi likulowa pawindo. Sindinalawe ngakhale fupa.

Amene anandipeza ndi a Kamanga. Sananditukwane. Anatola choko n'kuyamba kulemba ziganizo zanga zonse pabolodi, chimodzichimodzi, ngati mitembo yoti aipime.

"Gawo limene munathawira tisheti ndi ili," anatero. Kani ankadziwa! "Mawu othera ndi -ing ndi a wochita. Mayi amene akuphika ndi 'the woman cooking'. Mawu enawa, cooked, caught, beaten, akaima okha pambuyo pa dzina, ndi a wochitidwa, chinthu chimene chaphikidwa, chagwidwa, chamenyedwa. Ndiye ngati asodzi ndi amene anagwira, who wawo musiyeni, 'the fishermen who caught the fish'. Si who aliyense amene amachoka."

"Nanga za ahedi ndi mtengo wa mango?" ndinafunsa ndi mawu a mwana wodwala.

"Kachidutswa koikidwa kutsogolo kaja kali ngati mwana wosochera pamsika. Amagwira chitenje cha munthu woyamba amene wamupeza, kaya ndi mayi ake kaya ayi. Inu pambuyo pa kampumiro munaika ahedi, ndiye chingwe chinagwira ahedi. Mukanaika mbuzi."

Zinali zophweka mochititsa manyazi. Theka la ola lokha, limene ndinaligulitsa ndi kachipewa ka pepala.

Sabata imene inatsatira inali yowawa kuposa malungo. Ndikamadutsa, ana ankafunsana mokweza kuti lero kuphikidwa ndani. Ahedi ankandiyankha moni akuyang'ana kumbali. Msodzi wa njinga uja anatumiza mawu oti ndimubwezere mbale ya mpunga imene anaithawa. Gulu lathu linachita kufufuta zonse zimene ndinaliphunzitsa, mayi Phiri akungoti, "Ndinanena ine." Koma chondipweteka kwenikweni chinali chete wa Asiyatu. Nditakumana naye potsiriza panjira ya kuchigayo, sanaime n'komwe.

"Amayi anga sakupita kumjigo," anatero akuyenda. "Akangofika, anzawo akumawafunsa ngati apsa. Ndipo amalume munawanyoza pagulu. Ngati muli ndi nkhope, kapepeseni."

Ndinawerenga usana ndi usiku za wochita ndi wochitidwa, mpaka ndinkatha kuzinena ndili m'tulo, kenako Lachisanu titatuluka kumzikiti ndinalimba mtima. Ndinatenga Gresham kuti andiperekeze, popeza miyendo yanga yokha ikanabwerera panjira. Tinawapeza a Bwanali pakhonde, ali pa mpando wa ndalema, tayi ali m'khosi. Anaitanitsa mlongo wawo, amene anadzakhala pamphasa chapatali, atatembenukira kumbali monga amachitira apongozi.

Ndinakhala pansi penipeni, pa dothi. Ndinayankhula Chichewa, chathu chino, chopanda mbuna. Ndinati ndinalakwa, ndinadzikuza, ndinathawa phunziro, ndinanyoza akuluakulu, ndinachititsa manyazi mayi amene anatopa ndi moto chifukwa cha ife. Mawu ankatuluka bwino, ndinaona ngakhale apongozi mapewa awo akutsika. Gresham anandigwira pabondo, kutanthauza kuti basi, zakwana, tizipita.

A Bwanali anagwedeza mutu. "Tamva. Nanga Chingerezi chija chinathera pabwalo paja?"

Mukuganiza kuti ndinatani? Munthu woti wapsa kale ndi moto, wapola pang'ono, akuonanso khala lofiira. Gresham anandifinya bondo mwamphamvu. Koma ine ndinati uwu ndi mwayi woonetsa kuti ndaphunzira. Ndinkafuna kunena kuti ndakhumudwa kwambiri ndi zimene ndinachita. Ndinawerengera msangamsanga m'mutu: wokhumudwa ndani? Ine. Amene akumva ululu ndani? Ine. Ndiye wochita ndine, ndipo wochita amatenga -ing. Ndinawongola msana.

"Sir, I am very disappointing."

Gresham anatulutsa kamawu ngati nkhuku yotsamwa. A Bwanali anatseka maso pang'ono, kenako anatembenukira kwa mlongo wawo, ndi mawu awo a kukhoti aja.

"Akuti iwo ndi munthu wokhumudwitsa kwambiri."

Apongozi anathothola ulusi wa mphasa. Kenako anati, "Eee. Koma sanama."

"Sanama," anavomereza a Bwanali. "Mwana wanga, chiyambire kukumva ukuyankhula Chingerezi, ichi ndi chiganizo choyamba chimene galamala yake ndi yoona, nkhani yakenso ndi yoona. Kukhoti ndinaona anthu ambiri, koma wovomera mlandu wake momveka chonchi ndi wosowa. Munthu wotere akhoza kusunga banja. Kauze akwanu atumize ankhoswe."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze kuti si zimene ndimatanthauza, koma Gresham anandiponda chala cha kuphazi mpaka ndinaona nyenyezi. Ndinangoti, "Zikomo, amalume."

Mayeso ndinalemba, ndipo Chingerezi ndinakhoza mokwawa, ngati munthu wolowa m'nyumba kudzera pawindo. Asiyatu ndi amene mwamuona akukupatsani madzi uja. A Bwanali anapita kumanda akukhulupirira kuti ndine mkamwini wodzichepetsa kuposa onse m'mbali mwa nyanja ino, ndipo ine sindinawatsutsenso kachiwiri.

Ndiye mukadzamva kuti pakufunika munthu woyankhula Chingerezi pagulu, ine musandiyang'ane, ndikhala ndikuthandiza kunyamula mabenchi. Ndipo zikadzavuta mpaka kundikakamiza, who aliyense adzakhala pamalo pake, ngakhale chiganizo chitalike kuchokera ku Dwangwa mpaka ku boma. Anthu atope, agone, ena apite kwawo, koma pasapezekenso wophikidwa.